Batire la Kompyuta ya a Pilato

1. Achemwali aakulu adwala

Kunyumba kwa a Pilato kunali chinthu chimodzi chimene mwana sankaloledwa kuchikhudza. Inali kompyuta yakalekale, bokosi lake lalikulu ngati sutikesi. Pobwera inali yoyera, koma zaka zinaisandutsa yachikasu. Inkakhala pathebulo pakona ya pabalaza, itafunditsidwa nsalu yoluka.

A Pilato anali kalaliki pa ofesi ya esiteti ya tiyi. Kompyutayo anapatsidwa asanakwatire, pamene ofesi inagula zatsopano n'kumataya zakale. Anzawo ankawaseka kuti akusunga chikutu, koma iwo ankaipukuta Loweruka lililonse ndipo inkayaka bwinobwino. Mwana wawo Millie, mtsikana wa Fomu 3, ankaitchula kuti achemwali aakulu, poti inafika pakhomopo iye asanabadwe.

Mvula itangosiya chaka chimenecho, a Pilato anagwa ali kuntchito. Kuchipatala cha ku Mishoni anati ndi sitiroko. Anatuluka ali moyo, koma dzanja lamanja linali lofooka, mwendo ankaukoka, ndipo mawu ankatuluka molemera. Munthu amene kale ankatsogolera nyimbo kutchalitchi anasiya kupitako. Kumsika anasiyanso. Ankangotuluka pa tsiku la kuchipatala, atavala chipewa chophimba nkhope, akazi awo a Joice atawagwira mkono.

Kuchipatalako anawauza kuti zala zimafuna ntchito tsiku ndi tsiku. A Pilato anavundukula kompyuta yawo n'kuyamba kulemba nyimbo za m'tchalitchi zimene ankazidziwa pamtima. Ankalemba ndi chala chimodzi, chilembo chimodzichimodzi. Millie akamachoka kupita kusukulu ankamva kuti tha, tha, tha. Patapita milungu, bambo ake anayamba kugwira okha kapu ya tiyi.

Tsiku lina m'mawa kompyutayo inalira kawiri, n'kulemba mawu ochepa a Chingerezi pa sikirini yakuda. Inathera pomwepo. A Pilato anaizimitsa n'kuiyatsanso, koma zinali zomwezo. Anaifunditsa nsalu yake.

"Yatopa," anatero. "Ngati ine."

Kuyambira tsikulo dzanja lija linabwerera pamiyendo n'kumangogona.

2. Nzeru za Brenda

Millie anali atawawerenga mawu aja. Ankanena kuti batire la wotchi latha. Kusukulu anaphunzira kuti kompyuta iliyonse ili ndi kawotchi m'kati, kamene kamayenda ngakhale magetsi atazima, ndipo kamadya kabatire kakekake.

"Ababa, vuto ndi laling'ono," anawauza madzulo ena. "Tiitengere kwa amalume ku Chitakale."

"Isiyeni."

"Koma ababa, ndi batire chabe."

"Ndati isiyeni," anatero a Pilato, n'kutembenukira kukhoma.

Lachisanu kunalibe sukulu, ndipo linali tsiku la kuchipatala. Makolo atangochoka, panafika Brenda, mnzake wa Millie wa nyumba yoyandikana. Brenda anali mtsikana wamtima wabwino koma wa phuma. Atamva nkhani yonse anawomba m'manja.

"Iwe, ukuchedwa chiyani? Tiye tiinyamule pompano. Akamabwera apeze ikuyaka."

"Anandiletsa."

"Anakuletsa chifukwa akuganiza kuti singachire. Ikachira akalipa chiyani? Adzakuvinira ndi mwendo womwewo."

Millie anayang'ana thebulo lija, n'kuyang'ananso mpando wa bambo ake. Kenaka anazula mawaya, nakulunga bokosi la kompyuta m'chitenje cha mayi ake. Analinyamula awiri mpaka kumsewu, kudutsa m'minda ya tiyi mame asanaume, n'kukwera minibasi.

3. Funso la amalume

A Mackson anali mlongo wawo wa a Joice. Kanyumba kawo kokonzeramo zinthu kanali kuseri kwa msika wa Chitakale, kodzaza mawailesi, ma TV ndi mafoni a anthu. Ataona atsikana awiri akulowa ndi katundu wokulunga, anavula magalasi.

"Mphwanga, wabereka mwana wa yani m'chitenjemo?"

"Ndi achemwali aakulu, amalume. Akudwala."

A Mackson anaseka, n'kulambula pathebulo. Anamasula bokosilo, nauza Millie kuti ayambe wagwira chitsulo cha chitseko asanakhudze kanthu m'kati, chifukwa thupi la munthu limasunga timagetsi topha zipangizo. M'katimo munali bolodi lalikulu lobiriwira, lodzaza tinthu tating'onoting'ono ngati mudzi ukamauonera pamwamba pa phiri.

Millie anafunafuna kabatire kozungulira konga ndalama yachitsulo, monga kamene anakaona kusukulu. Sanakapeze.

"Sukapeza," anatero a Mackson. Analoza kabokosi kakuda kofanana ndi bokosi la machesi, kokhala pafupi ndi m'mphepete. "Makompyuta a nthawi imeneyo ankawapanga chonchi. Wotchi ndi batire lake anazitsekera pamodzi muno, n'kumata. Batire likatha, kompyuta imaiwala tsiku, imaiwala ola, imaiwala ngakhale kumene inasunga zinthu zake. Nyimbo za alamu zilipo zonse, kungoti njira yokazitengera yasowa."

"Ndiye tigule kabokosi kena?"

"Ugula kuti? Tinthu timeneti tinasiya kuoneka iwe usanabadwe. Chotheka n'chakuti tikazule, tikapale ndi tupa mpaka tipeze pamene batire lakale lalumikizidwa, tilidule, tiikepo latsopano kunja. Koma taona, timiyendo take tonse anatiwotcherera pa bolodi. Bolodi ili ndi lokalamba. Moto ukachuluka pang'ono, tinjira ta magetsi timatukuka. Zikatero ndiye kuti taika maliro."

Analumikiza chitsulo chowotcherera kumagetsi kuti chiyambe kutentha. Kenaka anafunsa mosayang'ana munthu.

"Alamu akudziwa kuti yabwera kuno?"

"Eee, akudziwa," anayankha Brenda mwachangu. "Ndi amene atituma."

"Ndamva, mwananga. Koma ndimafunsa mwana wa mwini wake. Millie, ukati inde, ndiyamba pompano, dzuwa lisanafike pamutu tikhala titadziwa."

Brenda anamutsina Millie pamkono. Chitsulo chija chinayamba kutulutsa kautsi. Panja wogulitsa nanazi ankaitanira malonda.

"Sakudziwa, amalume," anatero Millie motsitsa mawu. "Anandiletsa. Taitenga iwo atapita kuchipatala."

A Mackson anazula chitsulo chija kumagetsi. Anakoka benchi n'kuuza atsikanawo kuti akhale.

"Mwachita zinthu ziwiri lero, china choipa, china chabwino. Choipa n'chakuti mwanyamula chinthu cha mwini mwini wake atakana. Chabwino n'chakuti pamene bodza linali pafupi, iwe Millie walisiya. Tsono tamverani. Ine ndakhala pa ntchito iyi nthawi yaitali. Anthu amabwera ndi wailesi ya agogo awo, foni ya amuna awo, amvekere konzani msanga asanadziwe. Onsewo amakhala ndi mtima wabwino. Koma chikafera m'manja mwanga, amene amalira ndi uja sanafunsidwe. Safunsa anadya phula, paja mumaimva kusukulu.

"Ndipo pali china chimene ana inu simuchiona. Munthu akadwala, aliyense amayamba kumuganizira zochita. Adye ichi, agone apa, asanyamule icho. Timachita mwachikondi, koma tsiku lililonse timamulanda kanthu. Alamu anga matenda awalanda dzanja, awalanda mawu, awalanda ntchito. Chatsala n'choti akati ayi pa chinthu chawo, ayiyo amveke. Mukawalanda chimenechonso, atsala ndi chiyani? Ngakhale kompyutayi ikanayaka lero, akanasangalala ndi pakamwa pokha. Mumtima akanati, kodi tsopano pakhomo pano ine ndine mwana?

"Iwe Brenda, liwiro lako ndi labwino, lidzakuthandiza. Koma liwiro lopanda kufunsa limafikitsa munthu msanga kumene sanafune kupita."

Brenda anawerama. "Pepani, amalume."

"Pita kwanu, mphwanga," anatero a Mackson kwa Millie. "Ukawauze zonse, ngakhale zoti ikhoza kufa. Akakana, ine ndiibweretsa ndekha madzulo ano, ndipo sindiikhudza."

4. Pathebulo popanda kanthu

Millie anapeza makolo ake atafika kale. A Joice anali pakhonde, manja m'chiuno.

"Iwe, chitenje changa chili kuti? Nanga katundu wa bambo ako? Ukudziwa kuti talowa muno tikuganiza kuti kwabwera akuba? Munthu wa BP ukufuna umuphe?"

"Pepani, amayi. Ndiloleni ndilankhule nawo."

A Pilato anali pampando wawo, akuyang'ana thebulo limene panatsala sikirini ndi nsalu yoluka. Millie anagwada pafupi nawo. Anafotokoza mmene anainyamulira, zimene amalume anapeza, ndi zoti amalume akana kuyamba ntchito popanda mawu a mwini wake. Za Brenda sanatchule.

"Ndalakwa, ababa. Munandiletsa."

Pamene a Pilato analankhula, mawu ankabwera amodziamodzi.

"Ikakhala apa... ndimati mwina mawa iyaka. Ikapita uko... andiuza kuti yafa."

"Amalume sanabise. Akuti ikhoza kufa pokonzapo. Koma akutinso nyimbo zanu zonse zilimo, ndipo ikhoza kuchira." Millie anapitiriza. "Ababa, ine kompyutayo sindikuifuna. Ndikufuna dzanja lanuli. Linayamba kugwira kapu. Tsopano amayi ayambanso kukumwetsani."

A Joice, amene anali ataima pakhomo, anatembenuka n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

A Pilato anayang'ana dzanja lawo ngati la munthu wina. Anayesa kupinda zala. Ziwiri zinamvera, zinazo zinakana.

"Mawa," anatero. "Jekete langa... musite."

"Mukupita kuti?" anafunsa a Joice.

"Chitakale."

"Inu? Pa Loweruka, anthu ali pikitipikiti?"

"Wodwala... sagona yekha kuchipatala." Mbali imodzi ya pakamwa pa a Pilato inakwera pang'ono. "Ine gadiyani."

Millie anaseka misozi ili m'masaya. A Joice anapukusa mutu n'kupita kukafuna makala a simbi.

5. Opaleshoni

M'mawa kunali chiperoni, phiri lonse litabisala mu nkhungu. A Pilato anavala jekete ndi chipewa chawo chija. Potsika minibasi pa siteji ya Chitakale anachikokera kumaso.

Sizinathandize. Mayi wina wogulitsa mapeyala anawazindikira nthawi yomweyo.

"A Pilato! Ndinu? Ambuye ngwabwino! Kutchalitchi nyimbo zikutisokonekera, aliyense akuyamba ndi mawu ake."

Wakabaza wina anabwera kudzawagwira chanza, ndipo ataona kuti lamanja silikukwera, anangogwira lamanzere. Kuchoka pa siteji kukafika kuseri kwa msika anaima kangapo konse. Pofika kwa a Mackson chipewa chinali chitabwerera pamwamba pa mutu.

"Alamu!" anafuula a Mackson. "Mwabwera kudzaona ngati ndikuba zipangizo?"

"Eya," anatero a Pilato. "Ndimakudziwani."

Anawakhazika pampando wabwino pafupi ndi thebulo. Brenda naye anali atafika, atakhala phee pakona. A Mackson anafotokozanso zonse pamaso pa mwini wake, osachotsera.

"Tiyambe?"

"Yambani."

A Mackson anachotsa bolodi lija m'bokosi n'kulitembenuza. Anayamba kusungunula mtovu pa timiyendo ta kabokosi kakuda, kamodzikamodzi, akuupopa ndi kapampu. Sankafulumira. Akatenthetsa kamwendo kamodzi ankadumpha n'kupita kutali, kuti malo amodzi asapse. A Pilato anagwira tochi ndi dzanja lamanzere. Mwendo umodzi unakanirira. A Mackson anauthira mtovu watsopano, n'kudikira, n'kuyesanso.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero. "Ukaukoka ndi mphamvu, umabwera ndi njira yake yomwe."

Pamapeto pake kabokosi kaja kanazuka, bolodi lili bwinobwino. Pamalo pake anawotchererapo kampando kokhala ndi timabowo, kamene anakachotsa pa TV yakufa, kuti tsiku lina kabokosiko kazidzangozulidwa ndi manja.

Kenaka anatenga tupa yaing'ono. Analemba timizere tiwiri m'mbali mwa kabokosiko ndi nsonga ya msomali.

"Apa ndi apa. Maso anga ayamba kundinamiza pa tinthu tating'ono. Alamu, mulola kuti apale mwanayu?"

A Pilato anayang'ana Millie. "Ukutha?"

"Ndiyesa, ababa. Koma mukati ayi, ndisiya."

"Pala."

Millie anakapanikiza pathebulo n'kuyamba kupala. Fumbi lakuda linkagwera pa pepala. Kabokosiko kankaterereka. Anapala, kanasuntha, anakabweza, kanasunthanso. Ali m'kati molimbana nako anaona dzanja likubwera pang'onopang'ono pathebulo, likunjenjemera. Linali lamanja. Zala ziwiri zija zinafika pa kabokosiko n'kukapsinja.

A Mackson anayang'ana kudenga ngati akuwerenga malata. Millie anapitiriza kupala, tsopano mofatsa kwambiri, kuopa kukhudza zala za bambo ake.

"Ima!" anatero a Mackson. M'kati mwa pulasitiki wakuda munaoneka kachitsulo konyezimira. Millie anapalanso malo achiwiri mpaka kena kanaoneka. A Mackson anayeza ndi mita yawo yoyezera magetsi, n'kugwedeza mutu kuti batire lakale linalidi lakufa. Anadula kachitsulo kamene kankalilumikiza, nawotcherera timawaya tiwiri, kofiira ndi kakuda. Timawayato tinapita ku kachikho ka batire lozungulira lija, kamene anakamata pamwamba pa kabokosiko.

"Brenda, bwera," anatero a Mackson. "Batire uike ndiwe. Koma uyambe wafunsa kuti mbali yakumwamba ndi iti."

Brenda anafunsa, ndipo onse anaseka.

6. Lero ndi liti?

Anabwezera zonse m'malo mwake. A Mackson analumikiza sikirini yakale ndi kiyibodi za m'kanyumbamo. A Pilato ndi amene anadina batani loyatsira.

Fani ya m'kati mwa bokosi inazungulira. Kompyuta inalira kamodzi. Pa sikirini panabwera tsamba lofunsa tsiku, ola, ndi mtundu wa chosungira zinthu chimene chinali m'katimo. Millie anawerenga manambala olembedwa pa chosungiracho, amalume ake n'kumawalowetsa. Pa tsiku ndi ola a Mackson anakankhira kiyibodi kwa mlamu wawo.

"Lero ndi liti?" anafunsa a Pilato. Sanali kuseka. Chidwalireni masiku anali atawasokonekera.

Millie anawauza. Iwo anakweza dzanja lamanja, naligwiriziza ndi lamanzere pa chigongono, n'kudina manambalawo limodzilimodzi. Analakwitsa kamodzi, anafufuta okha, nalembanso.

Anaizimitsa, n'kuzula waya kukhoma. A Mackson anatuma Brenda kukagula chinangwa chophika, ndipo anadya akucheza za mitengo ya feteleza. Atatha anaiyatsanso. Wotchi inali itayenda yokha nthawi yonse imene ankadya. Patangopita kanthawi, mayina a nyimbo zija anaonekera pa sikirini, onse, mpaka imene a Pilato anaisiyira pakati.

A Pilato anaika dzanja pamutu pa Millie. Linali lolemera, losakhazikika, ndipo linamusokoneza tsitsi.

"Dokotala," anatero.

"Dokotala ndi amalume, ababa. Ine ndi nesi."

"Mphwanga," anatero a Mackson akukulunga bokosi lija m'chitenje, "dzulo ukanati inde, bwenzi ntchitoyi nditaigwira ndekha. Mwina ikanatheka. Koma bambo akowa bwenzi ali pampando kunyumba. Uzikumbukira zimenezo ukadzakula n'kumasamala anthu."

Pobwerera, nkhungu inali itayera ndipo mathanthwe a phiri ankanyezimira ndi madzi. Millie ndi Brenda ananyamula bokosi, a Pilato akutsogola ndi ndodo yawo m'kanjira ka m'minda ya tiyi. Ankang'ung'udza nyimbo. Mawu sankamveka bwino, koma kayimbidwe kanali komwe kaja.

Atakhota pa mtengo wa mapeyala, nyimbo inaduka. Pakhomo pawo panaima galimoto yoyera ya esiteti, mwini wake wa nyumba zonse za antchito za pamzerewo. Pakhonde panakhala bambo wina wovala shati yaukhondo, amene Millie sanamuonepo. A Joice anali atakhala pansi pamkeka, ndipo sanadzuke kudzalandira katundu monga ankachitira nthawi zonse.

Mlendoyo anaimirira n'kuvula chipewa.

"A Pilato, ndasangalala kukuonani mukuyenda. Pepani kuti ndabwera pa Loweruka. Andituma akuluakulu. Ndi nkhani ya nyumbayi, poti simukugwiranso ntchito."

A Pilato anatembenukira kwa Millie. "Kaiike pathebulo," anatero. "Ukatero... ubwere ukhale apa. Umve nawo."